Tsiku Losoka Maukonde

1. Nkhungu

Lachiwiri kwathu ku Anomabo nyanja imapuma. Bwato sililowa m'madzi tsiku limeneli, kaya kunyumba kuli chakudya kaya kulibe. Mabwato amagona pamchenga, mbendera zake zili lende, ndipo amuna amakhala pansi pa mitengo ya kokonati kusoka maukonde ndi kunamizana za nsomba zimene anatsala pang'ono kupha.

Lachiwiri limene tikunenali kunacha ndi nkhungu, monga kumachitira mu Ogasiti madzi akazizira. Nyanja ndi thambo zinali zitasanduka chinthu chimodzi chotuwa. Mafunde munthu ankangowamva osawaona.

Araba Essilfie anali atakhala kutsogolo kwa bwato la amalume ake, miyendo ili lende, foni ili m'manja. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, wamutu wakuthwa pa masamu. Sekondale anamaliza bwino, ndipo podikira malo ku koleji ya ku Cape Coast ankathandiza mayi ake kuwamba nsomba. M'kudikira mmenemo ndi mmene anaphunzirira masewera a makhadi a pa foni otchedwa poka.

Masewerawa savuta kuwamva. Aliyense pa tebulo amalandira makhadi awiri obisika, kenako makhadi asanu amagwa pakati, oonekera kwa onse. Woona kuti ake ali bwino amaika ndalama. Woona kuti zavuta amataya makhadi ake n'kudikira ulendo wina. Tebulolo sungaligwire ndi dzanja. Lili m'foni basi, lobiriwira, ndipo okhalapo ndi anthu a ku Lagos, ku Abidjan ndi kwina, osadziwana nkhope.

Kwa miyezi itatu zinamuyendera. Ankasewera pa matebulo a ndalama zochepa, modekha, akuwerengera zonse m'mutu ngati ali m'kalasi. Tindalama tinkabwera pang'onopang'ono, koma maloto ankabwera chothamanga. Akatseka maso ankaona injini yatsopano pa bwato la amalume ake, m'malo mwa nkhalamba yotsokomola ija. Ankaona kachipinda kake ku Cape Coast, ka zenera loyang'ana kunyanja, mabuku ali mbwee pabedi. Ankaonanso mayi ake atakhala pa mpando wofewa, maso awo atasiya kufiira ndi utsi.

Kenako mphepo inatembenuka. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi otsatizana Araba sanapambane. Akakhala ndi makhadi abwino, wina ankakhala ndi oposa. Akataya makhadi, amene ankawafuna aja ndiye ankagwa pa tebulo ngati akumuseka. Lamlungu masana zonse zimene anasunga zinatha psiti.

Kuyambira pamenepo ankayenda ngati munthu amene sanadzuke bwinobwino. Mayi ake akamutuma tsabola, iye ankabwera ndi anyezi. M'mawa umenewu ankaona makhadi akuyandama mu nkhungu, ofiira ndi akuda, akutembenuka pang'onopang'ono kenako n'kuzimirira. Ndinene poyera kuti zinali zomvetsa chisoni, chifukwa mwana wanzeru chonchi sankayenera kupusa chonchi.

2. Mawu a Wofa Ekow

"Araba! Tsika pamenepo. Bwato si mpando wa mfumukazi."

Oitanawo anali Wofa Ekow Bentum, mlongo wa mayi ake, mwini bwatolo, pakuti kwathu amalume timawatchula kuti Wofa. Anali atakhala pamchenga, miyendo atatambasula, ukonde ataukola ku chala chachikulu cha phazi, singano ikulowa ndi kutuluka.

"Gwira apa. Koka. Osati choncho, ukufuna kundizula chala?"

Araba anagwira bwino.

"Mafuta afika lero," anatero Wofa. "Galimoto ikubwera masana. Ndalama ndatumiza pa foni yako, yanga ija ikangomva fungo la madzi imakomoka. Utenge zigubu zinayi pa wilibala, ukaime pamzere. Mawa mbandakucha tikulowa. Nyanja inali yotseka mwezi wathunthu, anthu anga khumi ndi awiri atopa ndi kukhala, ndipo akazi awo atopa nawo kwambiri."

"Ndamva, Wofa."

"Wamva ndi makutu, maso ali kwina. Mayi ako akuti makhadi akukudya."

"Si njuga wamba, Wofa. Ndi masewera a nzeru. Pali masamu ake."

"Nanga masamuwo apita kuti masabata atatu ano? Kumaliro?"

"Ndi tsoka chabe. Aliyense zimamuchitikira. Zikangotembenuka..."

Wofa anaika singano pansi, ndipo Araba anadziwa kuti mawu abwera ambiri.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Makhadi akowo ine sindiwadziwa, ndipo ndikanakonda ukanawasiya. Koma kubwera chimanjamanja ndikukudziwa kuposa aliyense pagombe pano. Kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa nyanja. Waponya pabwino, nthawi yabwino, ukonde uli bwino, koma nsomba kulibe. Pamenepo palibe mlandu, umangotsuka bwato n'kukagona. Kwina ndi kwako. Nsomba zinalowa ndithu, koma zinatulukira pa bowo limene unachita ulesi kusoka. Tsono ukafika pagombe zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi, bwato lopanda kanthu, ndipo waulesi amathamangira kunena kuti nyanja yamumana. Ndi chifukwa chake tili ndi Lachiwiri. Ena adzakuuza kuti ndi tsiku la mizimu ya m'nyanja, ine sindikangana nawo. Koma kwa ine ndi tsiku lotambasula ukonde poyera, kuti uone ndi maso ako amene wakumana nsomba, nyanja kapena iwe mwini. Iwe ukonde wako unautambasula liti?"

Wofa anayang'ana mu nkhungu muja kwa kanthawi.

"Ndili ndi zaka ngati zakozi, Lachiwiri lina nsomba zinabwera mpaka apo pali mwalapo. Madzi ankachita kuwira. Akuluakulu anangokhala, manja ali m'maukonde, ngati sakuona. Ine ndi anzanga atatu tinati nkhalambazi zapenga. Tinatenga ukonde wa bambo anga osapempha, n'kulowa. Ukuganiza kuti tinamira? Ayi ndithu. Tinapha nsomba zodzaza bwato, mpaka kuchita kuzikhalira. Anatilipiritsa, ife tinalipira tikuseka. Lachiwiri lotsatira tinazembanso, n'kuphanso. Ukonde uja sunaonenso singano. Sabata yachinayi, tsiku la Lachisanu, tinazinga nsomba zimene sindinazionenso moyo wanga wonse, ndipo pokoka ukonde unang'ambika kuchokera uku mpaka uko, nsomba zonse n'kubwerera kwawo. Bambo anga anakagwira ganyu m'bwato la munthu wina zaka ziwiri, imvi zili mbuu. Sanandimenye. Bola akanandimenya. Choncho chimene chinandiwononga ine si tsiku limene ndinabwera chimanjamanja. Ndi tsiku limene ndinatenga ukonde wosakhala wanga n'kupha nsomba."

Anatolanso singano yawo.

"Pita, mzere ukukula."

3. Timiyala

Kogulitsira mafuta kwathu anthu saima pamzere, zimaima ndi zigubu. Araba anaika zake zinayi kumbuyo kwa zinzake, chilichonse chili ndi zilembo za Wofa zolembedwa ndi penti wobiriwira. Atatero anawoloka msewu kupita ku kakantini ka Kuukua, mnzake wa kusukulu, amene ankagwira ntchito yotumiza ndi kupereka ndalama za pa foni m'malo mwa mayi wina wa ku Mankessim.

"Eee, abwana a makhadi afika!" anakuwa Kuukua. "Lero mutigulira chiyani, galimoto kapena ndege?"

"Usandiyambe, Kuukua. Ndipatse pokhala."

"Benchi ndi la makasitomala. Olemera ngati inu mumabwera ndi mpando wanu."

Komabe anamukankhira benchilo, n'kumugawira kenke, nsima yathu yowawasa, ndi kansomba kokazinga ka tsabola wambiri. Araba anadya osamva kukoma. Galimoto ya mafuta inali isanaoneke.

Foni imasunga masewera onse amene munthu wasewera, khadi lililonse, ndalama iliyonse. Araba ankadziwa zimenezi, koma chiyambireni kuluza sanatsegulepo malo amenewo, monga munthu wodwala dzino amaopera kuliyang'ana pa galasi. Lero anatsegula. Anatola timiyala m'mphepete mwa msewu, n'kujambula mzera pamchenga ndi chala.

"Tsopano wayamba ufiti?" anafunsa Kuukua.

"Kumanzereku ndi nyanja, kumanjaku ndi bowo. Ndikaona kuti ndinasewera bwino koma ndinaluza, kamwala kapita kwa nyanja. Ndikaona kuti ndinalakwitsa ndine, kapita ku bowo."

"Zoonadi wapenga. Ndikauze mayi ako kapena abusa?"

Araba anayamba ndi tsiku loyamba. Timiyala tinkapita kumanzere, kamodzikamodzi. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Masiku asanu ndi limodzi oyamba anali a nyanja ndithu. Anasewera monga ankayenera, makhadi okha ndi amene anamukana. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzanja lake linayamba kupita kumanja. Anaona mtsikana wina wachilendo akusewera ndi dzina lake. Mtsikanayo ankalowa ndi makhadi achabechabe amene Araba weniweni akanawataya osaganiza kawiri. Ankakana kutaya makhadi pamene zinali zoonekeratu kuti wagonja. Kuposa zonse, ankathamangitsana ndi wosewera wina wodzitcha Dokotala, amene anamudyera ndalama zambiri tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kulikonse kumene Dokotala wakhala, mtsikanayo ankakakhala komweko kuti abwezere, ndipo Dokotala ankangomudyanso mwakachetechete.

Anaonanso chinthu china. Bowo lililonse linkabwera mphindi zochepa pambuyo pa kuluza kopweteka. Akapsa mtima, masamu ankatuluka pawindo.

Pomaliza, kumanzere kunali timiyala todzaza dzanja limodzi. Kumanja kunali kamulu.

"Kuukua, taona. Silinali tsoka. Ndinali ine."

"Ndiye ukusekerera chiyani? Ndiyamba kuona munthu wapeza kuti ndi chitsiru n'kumasangalala."

"Chifukwa tsoka sungalikonze. Izi ndingathe kukonza. Ndikangopsa mtima ndizidzuka pa tebulo. Dokotala ndimusiya. Makhadi achabechabe ndizitaya. Basi!"

Mpaka pamenepa Araba anachita bwino, ndipo ndikanakhala pafupi ndikanamuombera m'manja. Akanaika foni m'thumba n'kukakhala pafupi ndi zigubu zake, nkhani yathu ikanathera pano mokoma. Koma osewera makhadi ali ndi matenda awoawo. Akangoona pamene ankalakwitsa, amadzimva kuti achira kale, ndipo manja amayamba kuyabwa kuti akayese nthawi yomweyo. Araba anali ataona mabowo onse, koma anali asanasoke ngakhale limodzi.

4. Maeyisi awiri

Dzuwa linafika pamutu nkhungu isanachoke. Linkaoneka ngati mbale yoyera yopachikidwa m'mwamba, munthu n'kumaliyang'ana osaphethira. Eni zigubu ankawodzera m'mithunzi. Kuukua anali kalikiliki ndi gogo wina amene anaiwala nambala yake yachinsinsi ndipo ankaumirira kuti foni ndi imene yaiwala.

Araba anayang'ana timiyala take, kenako anayang'ana foni. Ndalama za mafuta zinali mmenemo, zitangokhala, zikudikira galimoto imene sinkabwera.

"Ola limodzi lokha," ananong'ona. "Ndingozibwereka. Tsopano ndikudziwa."

Anadina katatu, ndalama n'kulowa m'masewera. Sanapite ku matebulo ang'onoang'ono aja, chifukwa kumeneko zimene analuza zikanatenga miyezi kuti zibwerere. Anakakhala pa tebulo lalikulu limene anali asanakhalepo. Atayang'ana mayina a anzake, Dokotala anali pomwepo.

Poyamba anasewera mwaulemu ndithu. Makhadi achabechabe ankataya, ena n'kutaya, enanso n'kutaya. Phokoso la mumsewu linapita kutali. Tebulo lobiriwira lija linkakula m'maso mwake mpaka linakhala ngati nyanja tsiku lopanda mphepo, iye akuyandama pamwamba pake, wopepuka, wopanda mantha.

Kenako makhadi awiri anamufikira, ndipo anawatsegula. Anali maeyisi awiri. M'masewera amenewa palibe makhadi oyambira oposa amenewo. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi anawadikira, ndipo anasankha kubwera lero.

Wosewera wa ku Abidjan anaika ndalama zake zonse pakati. Dokotala nayenso anaika zake zonse. Kuti Araba apitirize, anayenera kuika zonse zimene anali nazo, ndiye kuti ndalama zonse za mafuta. Foni inamupatsa masekondi makumi awiri, ndipo kamzera kozungulira dzina lake kanayamba kufupika.

Masamu ake anali osavuta. Pa maulendo khumi otere, maeyisi amapambana pafupifupi kasanu ndi kawiri. Wosewera aliyense wodziwa akanaika zonse osaphethira. Ndalama zikanabwerera katatu. Injini yatsopano ija inatulukira mu nkhungu, ikunyezimira, pafupi moti akanatha kuigwira. Kumbuyo kwake kunali zenera loyang'ana kunyanja.

Chala chake chinali chitatsala pang'ono kudina pamene hutala inalira kumtunda kwa msewu. Galimoto ya mafuta inali itafika. Anthu anadzambatuka, zigubu zinayamba kugundana. Araba anadzutsa mutu n'kuona zigubu zinayi za penti wobiriwira zitaima pamzere, zikudikira mwini wake monga anazisiyira.

Kasanu ndi kawiri pa khumi. Katatu kotsalako, amuna khumi ndi awiri akanakhala pagombe. Ndipo mawu a Wofa anamveka bwinobwino ngati ali pa benchi pomwepo: tsiku limene ndinatenga ukonde wosakhala wanga n'kupha nsomba.

Kamzera katatsala pang'ono kutha, Araba anataya maeyisi ake.

Makhadi asanu anagwa pakati, limodzi ndi limodzi. Khadi lachitatu linali eyisi. Akanapambana, ndipo akanadya onse awiri. M'malo mwake Dokotala anakokera mulu wonse kwa iye ndi makhadi amene sakanafika n'komwe pa a Araba.

"Mayo!" anakuwa Araba, mpaka gogo uja anatembenuka.

"Waluza?" anafunsa Kuukua.

"Ayi."

"Wawina?"

"Ayi."

"Nanga misoziyo ndi ya tsabola?"

"Ndataya makhadi abwino kuposa onse, Kuukua. Ndikanawina. Ndikanawina!"

Zinamupweteka kwambiri, kuposa masiku onse oluza aja ataphatikizidwa. Komabe anadzuka pa tebulo n'kudina kuti ndalama zibwerere ku foni yake. Zinali pafupifupi zonse, kupatula pang'ono chabe. Uthenga unabwera nthawi yomweyo: "Pempho lanu talandira. Ndalama zanu zifika pasanathe masiku awiri."

Anawerenga katatu. Miyezi yonseyi anali asanatulutsepo ndalama m'masewerawo, ankangozisiya kuti zikule. Sankadziwa kuti polowa zimatenga mphindi imodzi, potuluka masiku awiri.

Kuukua anamulanda foni n'kuwerenga yekha.

"Ndalama zanji zimenezi? Unati zako zinatha Lamlungu."

"Za mafuta."

"Za Wofa Ekow? Araba! Mutu wako ukuyenda?"

"Ndithandize, mnzanga. Tenga za m'kabatimo. Zanga zikangofika ndikubwezera, palibe adziwe."

Kuukua, amene pakamwa pake sipatha nthabwala, sanaseke. Anaika dzanja pa kabati n'kuyankha motsitsa mawu.

"Za m'kabatimu si zanga, chemwali. Ine ndimangosunga."

Araba anaweramitsa mutu. Mawu amenewo analibe chipongwe, ndipo n'chifukwa chake anamulasa kwambiri.

Anakaimabe pamzere, akuyang'ana foni mphindi iliyonse ngati chozizwitsa chingachitike. Mzere unkayenda, fungo la mafuta lili ponseponse.

"Zigubu za Bentum!" anaitana bambo wothira mafuta. "Lipirani kaye, asisi."

"Ndalama zikubwera, bambo. Zachedwa panjira."

"Zikubwera pa bwato kapena pa njinga? Sunthani, anzanu ali nazo m'manja."

Anasuntha. Nthawi isanakwane folo koloko mafuta anatha, ndipo bambo uja analengeza kuti galimoto ina mwina sabata yamawa, mwina ayi.

5. Zigubu zolongolola

Zigubu zodzaza zimayenda mwakachetechete. Zopanda kanthu zimalongolola njira yonse. Araba anakankha wilibala kutsika kugombe, zigubu zikugundana ngati ng'oma, ndipo mitu ya osoka maukonde inkadzuka umodziumodzi iye akamadutsa.

Wofa Ekow sanadzutse wawo. Anali pomwe paja, ukonde uli ku chala.

"Ndazimva zili kumsika," anatero. "Mafuta anatha?"

Bodza linali pafupi, ndipo silinali bodza lathunthu, pakuti mafuta anathadi. Akanangoti inde, masiku awiri ndalama zikanafika, nkhani n'kufera pomwepo. Araba anatula wilibala n'kuima patsogolo pawo, manja ali kumbuyo.

"Anatha, Wofa, koma ine ndinawapeza alipo. Ndinalibe ndalama. Ndinaziika m'masewera."

Singano inaima.

Anafotokoza zonse, za timiyala, za tebulo lalikulu, za maeyisi awiri ndi za masiku awiri. Sanachotsepo kanthu.

"Ndalama zanu zilipo, Wofa, zifika Lachinayi. Koma ndikanangodina, ndikanawina. Khadi linagwa. Ndikanabwera nazo katatu."

"Zikanafika lero?"

Zimenezo Araba anali asanaziganize.

"Ayi. Nazonso zikanafika Lachinayi."

"Ukanandiuza kumene zachokera?"

"Ayi, Wofa."

"Tsiku lina ndikukutumanso, ukanabwereza?"



"Ndikanabwereza."

Wofa anapumira m'mwamba. Nkhope yawo inaoneka yokalamba kuposa m'mawa uja, ndipo Araba anachita manyazi aakulu moti sanathe kuwayang'ana.

"Sindikuyamikira," anatero. "Munthu sayamikiridwa chifukwa watuluka m'nyumba imene analowa kukaba. Ndinakupatsa mafuta a anthu khumi ndi awiri, iwe unakawaika pa tebulo la anthu osawadziwa. Zimenezo wachita, ndipo sizifufutika ndi misozi. Koma ndikuuzenso ichi, usadzaiwale. Ine tsiku langa lija nsomba ndinaziona, ndipo ndinalowa. Iwe waziona, zili m'manja, n'kuzisiya. Zikupweteka, ndikudziwa. Zizikupweteka choncho, chifukwa kupweteka kumeneko n'kotchipa. Kwanga kunadya zaka ziwiri za bambo anga. Ndipo m'mawa muja sunandimve bwino. Lachiwiri si tsiku loona mabowo n'kuthamangira m'madzi. Umaona, umasoka, umagona, n'kulowa mawa ndi ukonde wako, osati wa mnzako. Ngati makhadiwo ungawasiye, asiye. Ngati sungathe kuwasiya ngakhale tsiku limodzi pa sabata, usandiuzenso za masamu, chifukwa pamenepo wosewera si iwe, akukusewera ndi iwowo."

"Pepani, Wofa."

"Pepani wakoyo umusunge, ali ndi eni ake. Mawa mbandakucha anthu anga abwera pano ndi kamba wawo wa gari, ufa wa chinangwa wokazinga, m'matumba, okonzeka kulowa. Ine sindiwauza kanthu. Uima apa pamene waimapa, uwauze wekha monga wandiuzira ine. Ukayambe ndi mayi ako, amene akonza kale nkhuni zowambira."

Araba anagwedeza mutu. Anatulutsa foni m'thumba, anaizimitsa, n'kuiika pamchenga pafupi ndi phazi la Wofa. Iwo sanaiyang'ane. Anangosolola singano ina m'kathumba kawo n'kumupatsa.

"Khala pansi. Bowo ilo, likukuyang'ana."

Anakhala, n'kuyamba kusoka. Mfundo zoyamba zinali zokhota, ndipo Wofa anamumasulitsa kawiri. Yachitatu inagwira.

Akusoka choncho, kamphepo kanayamba kuwomba kuchokera kumtunda. Nkhungu imene inakhala tsiku lonse inayamba kung'ambika pang'onopang'ono. Panaoneka mwala uja, kenako madzi, kenako nyanja yonse yabuluu mpaka kumene imathera. Makhadi oyandama aja munalibe.

Munthu wina anaimba mluzu kumunsi kwa gombe. Wina anayankha. Amuna anayamba kuimirira, maukonde ali m'manja, onse akuloza malo amodzi.

Kuseri kwa mwala mbalame zinali zitadzaza thambo, zikudzigwetsa m'madzi ndi kutulukanso. Pansi pake madzi ankachita kuwira, akunyezimira ngati siliva, kuyambira pa mwalapo mpaka kutali.

"Zabwera," anatero Wofa motsitsa mawu.

Palibe anakhudza bwato, pakuti linali Lachiwiri. Amuna ankangoseka, akumenyana pamapewa, ena akuthamangira kukayesa mainjini kuti mawa asadzavute. Araba anayang'ana mzere wa mabwato kuyambira uku mpaka uko, singano ili m'manja. Pambali pa bwato lililonse panali zigubu zodzaza, kupatula limodzi.